A Tsalani ndi Nyama Yosagwira Ntchito

Dzina lawo lenileni linalipo, koma linathera pa chiphaso. Mumsewu monse muja ankawadziwa kuti a Tsalani, chifukwa bambowa akafika pakhomo panu, inu mukamakawatengera mpando, iwo amakhala atanena kale kuti, "Tsalani, ndathamanga." Tiyi ankamwa choimirira. Kutchalitchi ankakhala benchi yakukhomo. Ngakhale pamaliro, pamene abambo anzawo amakhala ndwii mitu ili pansi, iwo ankapezeka kowaza nkhuni kapena kolondolera magalimoto. Akazi awo ankakonda kunena kuti anakwatiwa ndi nkhongo, poti nkhope ya amuna awo ankangoiona mwa apo ndi apo.

Mayiwa anali telala. Ali mtsikana ankasoka pakhonde la sitolo yoyang'anana ndi butchala, ndipo tsiku lina kunabwera mnyamata wa epuloni yoduka chingwe, wosafuna kuivula poti ati akuchedwa. Mtsikanayo anaisokera pathupi pomwepo. Mnyamatayo anasuntha, singano inamubaya. Mawa lake anabwera kudzadandaula, mkuja wakenso anabwera, mpaka madandaulo anathera ku ukwati. Ana anabadwa, anakula, anapita kwawo. M'nyumba munatsala anthu awiri, wina wokhala pa makina tsiku lonse, wina wosadziwa kuti mpando anaupangira chiyani.

Ntchito ya a Tsalani inali yodula nyama. Anayamba ndi kusenza miyendo ya ng'ombe kuchokera m'galimoto, ndipo imvi zinawapeza m'butchala yomweyo, mpeni kumanja, tupa kumanzere. Inali butchala yaing'ono: thebulo la simenti, ngowe zachitsulo kudenga, firiji yolira ngati ikudandaula, ndi zenera lawaya lomwe ntchentche zinkadziwa pamene linabooka. Ng'ombe ikafika m'mawa, yosenda kale ndi yong'amba pakati, iwo sankathamangira nkhwangwa kapena sowo ayi. Ankayamba apisa dzanja m'kati, cha kumsana, kuseri kwa impso. M'menemo ndi momwe mumagona fileti.

Apa pokha ndi pamene munthuyu ankadekha. Chala chachikulu ndicho chinkagwira ntchito, kukankha nyamayo pang'onopang'ono kuti isiyane ndi fupa, mpeni ukungonyengerera pambuyo. Ikatuluka, yaitali ngati mkono, yonenepa kumutu, yowonda kumchira, ankaigoneka pathebulo n'kusenda kamsempha koyera konyezimira kamene kamakhala pamwamba pake. Pa nthawi imeneyi ukawalankhula, unkangolankhula wekha.

Koma yerekezani kuloza ntchafu n'kunena kuti, "Ndidulireni ka fileti apo." Eee, mwaputa mavu!

"Mnofu ndi mnofu, fileti ndi fileti," ankatero, mpeni ukuloza kudenga. "Si nyama iliyonse yopanda fupa ayi. Ntchafu imayenda. Khosi limakoka ngolo. Koma iyi, chibadwire ng'ombeyi mpaka tsiku lophedwa, imangogona m'kati mwa msana osagwira ntchito. N'chifukwa chake ndi yofewa. Ng'ombe yonseyi, kukula konseku, ili nazo ziwiri zokha."

Dziko silinkawamvera. Mayi wogulitsa nsomba pakona ankakuwa tsiku lonse kuti ali ndi fileti ya nsomba. M'sitolo yaikulu ankamata dzinalo pa chidale cha nkhuku. Ena ankafika n'kupempha fileti ya mafupa ochepa, a Tsalani mutu n'kuwazungulira. Munthu mmodzi yekha ndi amene iwo anavomereza kuti dzinalo limamukhala. Panali mlamu wake wa bwana wa butchalayo, bambo wonenepa amene ntchito yake inali kukhala pafupi ndi khomo n'kumaingitsa ntchentche zokhazo zimene zatera pa iye. Ameneyo akatembenuka, onse ankamutchula kuti Fileti. "Apo pokha ndiye mwalasa," ankatero a Tsalani.

Tsono chodabwitsa n'chakuti nyama imeneyi iwo anali asanailaweko chibadwire. Ziwiri zonse zinali ndi mwini wake, mayi wophika pa lesitilanti ya kuseri kwa banki, amene tsiku lililonse lophera ankabwera yekha masana, n'kuidina ndi chala, n'kuinunkhiza, n'kupita nayo. Kunyumba kwa a Tsalani kunkapita khosi, mafupa ndi tizidutswa totsala pathebulo, nyama yoti uiike pamoto m'mawa, uidye dzuwa litapendeka. Koma pakudya sankaleka kuitama inayo. "Tsiku lina mudzadya fileti, mayi. Imene ija ngakhale khanda likhoza kumeza." Akazi awo ankangoseka akuguguda fupa. "Tsiku lina lakelo tidzalimva pa wailesi."

Kenako matenda a shuga anawagwira akazi awowo. Anayamba ndi ludzu, anatsikira kumiyendo, n'kudzathera m'kamwa. Nkhama zinatupa, mano otafunira anayamba kugwedera, ndipo kuchipatala anawazula, mbali iyi kaye, kenako inayo. Mabala anapola, koma mayiwo sanabwerere pa mbale. Makina osokera anavundikiridwa ndi nsalu. Phala linawakola. Mbatata yokanya inawakola. Ankalawa supuni imodzi n'kutembenukira kukhoma. A Tsalani ankabwera ndi nthochi, mawa mazira, mkuja mkaka, kuika pambali pa bedi n'kutuluka, osadikira kuti aone ngati zadyedwa. Zinkadyedwa ndi nyerere. Tsono mankhwala a shuga safuna m'mimba mopanda kanthu, ndiye tsiku lina mng'ono wawo wa mayiwo, amene anabwera kudzawasamala, anawapeza ali kwala kubafa, atakomoka.

Atathamangira nawo kuchipatala, namwino sanabise mawu. "Lachisanu mubwere nawo. Akadzakhala kuti sakudyabe, tidzawagoneka." Mawu amenewa ndi omwe anaopsa nyumba yonse. M'chipinda cha amayi cha m'chipatala chimenecho ndi momwe munamwalira mayi awo owabereka, ndipo odwalawo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akakalowamo sadzatulukamo ndi miyendo yawo. A Tsalani anachita mantha, ndipo mantha awo ankathera m'miyendo: kulowa, kutuluka, kusuntha mpando, kuubwezera pomwe unali.

Lachitatu madzulo mayiwo analankhula ali chigonere, maso ali kudenga, ngati akuuza malata. "M'kamwa mwangamu mukufuna nyama." Basi, sanawonjezere. A Tsalani anangoti mumtima, yapezeka.

M'mawa mwa Lachinayi ng'ombe inafika. A Tsalani atatulutsa fileti ziwiri zija, anapukuta manja pa epuloni n'kukaima pamaso pa bwana. Zaka zonsezo anali asanapemphepo kanthu, ndiye mawu anatuluka opanda moni.

"Bwana, imodziyi ndikuifuna. Ndi ya odwala kunyumba."

"Inu, mukudziwa kuti zili ndi mwini wake."

"Ndikudziwa."

Bwana anawayang'ana, n'kuyang'ana nyamayo, n'kukanda m'mutu. "Tengani. Koma mayi wophikayo mumuuze nokha, ine sindifuna kutukwanidwa. Ndipo Lamlungu lino firiji mutsuka ndinu."

Kudikira masana kunali chilango. Ananola mipeni yonola kale. Anakolopa pokolopa kale. Kasitomala wina wofuna chiwindi anamukulungira mapapo. Mayi wophika atatulukira, mayi wamfupi wa mawu aakulu, anapeza fileti imodzi pathebulo, inayo ili kale m'pepala kukhwapa kwa a Tsalani.

"Inayo yathawa?"

Anamufotokozera mwachidule, phazi limodzi lili kale panja. Mayiyo anayamba ndi kulalata, kuti alendo ake akawauza chiyani, kuti anthu a masiku ano sanena zinthu nthawi ikadalipo. Koma atamva za mano ndi za Lachisanu, mawu ake anatsika.

"Pepani. Tengani, akadye. Koma kaphikidwe kake mukukadziwa? Taimani ndikuuzeni..."

"Mayi, nyama imeneyi ndinayamba kuigwira inu musanadziwe kuyatsa moto. Tsalani!"

Ndipo anapitadi. Munthu iwe! Kuima pang'ono pokha kukanakuthyola mwendo?

Kunyumba anapeza mlamu wawo akuchapa pakhonde. "Alamu, lero kukhitchini kulibe wolowa. Ndiphika ndekha."

"Inu? Mukudziwa pomwe timasunga mchere?"

A Tsalani analowa kukhitchini. Anakoleza mbaula, anadula fileti ija m'magawo ngati momwe ankadulira khosi, anathira madzi, mchere ndi anyezi, n'kuvundikira. Nzeru yawo inali yowongoka, ndipo simungawanene kwambiri, chifukwa nyama yonse imene inalowapo m'nyumba imeneyo inkafewa ndi moto wautali. Ngati khosi louma lija limagonja ukaliwiritsa, ndiye nyama yofewa kale, ukaiwiritsa chimodzimodzi, isanduka phala. Ndi mmene anaganizira.

Poto anawira. A Tsalani anazungulira nyumba, anabwera, anavundukula, anabaya ndi foloko. Inali yolimbirapo. "Sinapse," anatero, n'kuwonjezera makala. Analowa kuchipinda kukauza akazi awo kuti akonzeke, anatuluka, anakupiza moto, anabayanso. Yolimba kuposa poyamba. Anathira madzi ena. Thukuta linali kamukamu, ndipo magawo aja ankangocheperachepera, akusanduka otuwa.

"Alamu, mukuphika nyama kapena nyemba?"

"Chapani zovala, alamu."

Fungo lokha ndiye linali labwino, ndipo linalowa mpaka kuchipinda. Mayi aja anaitana mng'ono wawo kuti awakhazike tsonga, awapatse madzi osamba m'manja, awamange mpango woyera kumutu. Anali asanachite zimenezi chiwazulire mano. Dzuwa litapendeka, a Tsalani anati basi, moto wachita mbali yake, n'kupakula.

Anaima pafupi ndi bedi, mbale ili m'manja. Akazi awo anasankha kachidutswa kakang'ono kwambiri n'kukaika m'kamwa. Anakakankhira mbali iyi. Anakakankhira mbali inayo. Anayesa ndi mano akutsogolo, anayesa kumeza, n'kutsamwa, misozi n'kulengeza. Kenako anatembenukira kukhoma n'kulavulira m'dzanja, mwaulemu, kuti amuna awo asaone.

"Pepani, bambo," anatero. "Nyama yanu ilibe mlandu. Ndi m'kamwa mwangamu." Anapukuta dzanja lija. "Zaka zonsezi mumati ngakhale khanda likhoza kumeza. Ngati imeneyi yandikanika, ndiye chatsala n'chiyani? Mawa mungondiperekeza."

Anamasula mpango uja n'kuupinda.

A Tsalani anatola chidutswa n'kuponya m'kamwa. Aka kanali koyamba kulawa fileti, ndipo zinali ngati akutafuna chingwe cha khonje. Youma, ya ulusiulusi, yokakamira kukhosi. Iwo a mano onse anavutika nayo. Manyazi anawagwira, koma chimene chinawalasa kwambiri n'chakuti kutama kwawo komwe, kwa zaka zonse zija, ndi kumene kunali kutawachotsa mayiwa mtima.

"Mayi, si inu ayi. Ndaiwononga ndine. Talawani alamu, muwauze!"

Mlamu analawa n'kukwinya nkhope. "Zoona achemwali, iyi ngakhale galu akhoza kuibweza."

"Mwapangana kuti mundinyengerere," anatero mayiwo mofatsa. "Ndinu anthu abwino. Nditsitsireni chikwama, ndilongedze za kuchipatala."

Apa a Tsalani anaona kuti mawu sathandiza. Munthu ataya mtima chifukwa cha chimene walawa, ndiye kuti aubweze ayenera kulawanso. Anaika mbale pansi n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka, bambo wa imvi, epuloni ikadali m'chiuno, kudumpha ngalande, kupyola pakati pa magalimoto, madalaivala akumutukwana. Pakona mayi wa nsomba anawakuwira kuti, "Fileti ilipo, bambo!" Kwa nthawi yoyamba sanaime kuti amutsutse.

Khomo lakuseri la lesitilanti linali pakati pa migolo ya zinyalala ndi mabotolo a gasi. M'kati munali motentha, nthunzi ili tolotolo, mapoto akulira. Mayi wophika anali akudula anyezi.

"Mwabwera kudzatenga inayonso?"

"Yalimba," anatero ali wefuwefu. "Ndaiwiritsa masana onse, koma ikungolimbirabe."

Mayiyo anaika mpeni pansi n'kugwira m'mutu ndi manja onse awiri. "Mwawiritsa? Fileti? Mayo ine! Safunsa anadya phula, bambo inu. Nyama imene ija ilibe mafuta, ilibe misempha yoti isungunuke. Chomwe ili nacho ndi madzi ake basi, ndiye inu mwawafinyira onse m'poto. Moto wautali ndi wa khosi ndi ntchafu."

"Ndiye nditani? Akulongedza chikwama."

Mayiyo anafuna kuwonjezera mawu ena, koma atamva za chikwamacho, anawameza. Anatsegula firiji n'kutulutsa inzake ija. Inali itagawidwa kale, gawo lililonse lili ndi mlendo wake. Kunatsala kumchira kokha, kachidutswa kosakwana chikhatho.

"Imani apa, muone ndi maso anu. Mukangotuluka, ndikudya ndekha."

Anakadula mopingasa, topyapyala. Anasiya chiwaya pamoto mpaka chinayamba kufuka, anadontheza mafuta, n'kuyala tinyama tija. Tswee! A Tsalani asanameze n'komwe malovu, mayiyo anali atatembenuza. Kamchere. Waphula.

"Basi?"

"Basi."

A Tsalani anatambasula dzanja kuti atenge, koma chipande chinawagwera pa zala. "Ipume kaye! Mukaidula pano, madzi onse athawa." Anavundikira ndi mbale ina. Ndiye bambo aja anaima pamenepo, maso ali pa mbale yovundikira, maganizo ali pa chikwama, osaloledwa kuchita chilichonse. Zidendene zinkakwera n'kutsika zokha. Pa moyo wawo wonse sanazunzikepo ngati pa kanthawi kameneko. Kenako mayiyo anavundukula, anaiduladula tizidutswa ngati mpunga, anathira timadzi take pamwamba, n'kumanga mbale ziwirizo ndi kansalu.

"Kaya mudzaphunzira liti. Pitani, isazizire. Mbale zanga mubweze."

Pobwerera sakanatha kuthamanga, kuopa kutaya timadzi tija. Anayenda ndawala, mbale ili pachifuwa, akuzemba aliyense wobwera kutsogolo kwawo. Amene anawapatsa moni tsiku limenelo anangoyankhidwa ndi mutu.

Anafika dzuwa litafiira. Chikwama chinali pabedi, chotsegula: nsalu zofunda, kapu, sopo, buku la nyimbo. Mlamu anali atakhala pansi atatsamira khoma, nthabwala zonse zitamuthera.

"Bambo, musandizunze," anatero akazi awo ataona mbale. "Ndavomera kale."

A Tsalani anagwada pa simenti, chinthu chimene anali asanachitepo chilowere m'banja. "Kamodzi kokha, mayi. Kakakukanikani, chikwamacho ndinyamula ndine, ndipo za nyama simudzazimvanso pakamwa panga."

Anamasula kansalu n'kutapa ndi nsonga ya supuni. Mayiwo anayang'ana supuniyo nthawi yaitali, kenako anatsegula pakamwa, mwina pongofuna kuti awasiye. Anatseka. Chibwano chinayenda pang'ono. M'nyumba munali zii, moti unkamva madzi akudontha kuchokera pa zovala zomwe mlamu anayanika pakhonde. Kholingo linakwera, linatsika.

Mayiwo anakweza dzanja. Anangolanda supuni ija m'manja mwa amuna awo. Anatapa okha, n'kutapanso, mutu uli pansi, mpaka supuni inayamba kulira pa mbale. Anapendeketsa mbaleyo n'kumwa timadzi totsala, n'kupukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. Kenako anasuzumira m'mbale yovundikira ija, anafutukula kansalu, n'kuyang'ana amuna awo ali chigwadire, nkhope ili yokwiya ndithu.

"Bambo, kuthamanga konse kuja, mwandibweretsera kameneka basi?"